Kuzindikira ndi kuchotsa zomera zachilendo zolanda malo m'nkhalango za ku Kasungu

Malangizo awa ndi a makomiti oyang'anira nkhalango za m'midzi, eni minda ikuluikulu, ndi aliyense amene wasiya tchire kuti mitengo yachilengedwe ibwerere. Kuno ku Kasungu nkhalango zathu ndi za miombo, ndipo chuma chake si matabwa okha, chifukwa m'menemo ndi momwe mumachokera masuku, maula, nthudza, bowa wa m'dzinja, matondo, uchi ndi udzu wofolerera. Zonsezi zimadalira kuti pansi pa mitengo ikuluikulu pazimera timitengo tatsopano. Chomera chachilendo chikadzaza pansipo, nkhalango imaonekabe yobiriwira munthu akaiona ali kumsewu, koma mkati mwake simukhalanso mbande za msuku, mchenga kapena muwanga, ndipo mitengo yakale ikadzagwa sipadzakhala yolowa m'malo mwake.

Tiyambe tamvana chinthu chimodzi, chifukwa ndi pomwe mikangano imayambira pamisonkhano. Si mtengo uliwonse wochokera kunja umene uli woipa. Mango, malalanje ndi bulugamu ndi zobwera, ndipo palibe amene akunena kuti zidulidwe pakhomo. Chomera timachitcha cholanda malo ngati chinachokera kudziko lina, chikudzifesa chokha kutali ndi pamene chinabzalidwa, ndipo chikukankha zomera zachilengedwe. Choncho malaina amene ali pamzere m'malire mwa munda ndi chuma cha mwini wake, pamene malaina omwewo akayamba kumera okha pakati pa nkhalango ya mudzi amafunika kuchotsedwa.

Gawo loyamba: dziwani chimene mukulimbana nacho

Chomera choyamba kuchidziwa bwino ndi lantana, yomwe kwawo ndi ku America wapakati ndi wakummwera, ndipo inafalitsidwa m'maiko ambiri ngati duwa ndi mpanda. Bungwe la IUCN, loona za kuteteza chilengedwe m'maiko onse, linaiika pamndandanda wa zamoyo 100 zolanda malo zoopsa kwambiri padziko lonse. Imakula ngati chitsamba chowirira, nthawi zina nkumayanga pamitengo. Tsinde lake laling'ono limakhala la ngodya zinayi mukalipotokola ndi zala, ndipo kawirikawiri lili ndi timinga tokhota. Masamba amakhala awiriawiri moyang'anizana, ndi okhakhala, ndipo mukawafikisa amatulutsa fungo lamphamvu. Maluwa amakhala timagulu tozungulira tosakaniza mitundu, wachikasu, wapinki, wofiirira kapena wofiira pakagulu kamodzi, ndipo zipatso zimayamba zobiriwira kenaka nkuda zikapsa.

Pano pafunika kusamala, chifukwa tili ndi chitsamba chathu chachilengedwe chofanana nayo, chanzi, chimene anthu amachigwiritsa ntchito ngati mankhwala. Chanzi chilibe minga, timaluwa take nting'onoting'ono toyera, ndipo sichibala zipatso zakuda zamadzi ngati za lantana. Musalole kuti anthu ayambe kuzula asanaonetsedwe zomera ziwirizi pafupi ndi pafupi.

Kuipa kwa lantana kuli patatu. Imaphimba nthaka kotero kuti mbande za mitengo ndi udzu zimalephera kumera. Masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe: amaononga chiwindi, ndipo ng'ombe yodya ambiri imasupuka khungu ikakhala padzuwa, makamaka pamphuno ndi pamalo a ubweya woyera. Zipatso zosapsa nazonso ndi zoopsa kwa ana. Chachitatu ndi moto, pakuti chitsamba chouma chimene chayanga pamtengo chimakweza malawi mpaka kunthambi, pomwe moto wa udzu wokha ukanangodutsa pansi. Mbalame zimadya zipatso zake nkukataya njere pansi pa mitengo imene zimatera, nchifukwa chake lantana mumaipeza itazungulira tsinde la mtengo waukulu kapena chulu.

Mitengo ina inabwera ndi cholinga chabwino ndipo ambirife tinaibzala ndi manja athu. Malaina, ochokera ku India ndi maiko oyandikana nawo, anabzalidwa kwambiri m'dera lino la fodya kuti apereke milimo ndi nkhuni. Masamba ake ndi aakulu ooneka ngati mtima, khungwa ndi lotuwa losalala, ndipo zipatso zake zachikasu zimadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe, zomwe zimakasiya njere kutchire. Sindireya, wochokeranso ku Asia, ali ndi masamba ataliatali okhala ndi timasamba tambiri mbali zonse ziwiri, ofiirira akamaphuka kumene, ndipo njere zake zili ndi timapiko touluka ndi mphepo. Amakonda m'mphepete mwa mitsinje ndi m'makwawa, momwe amalanda malo a katope ndi mbawa. Lukina, wochokera ku Mexico ndi ku America wapakati, anabwera ngati chakudya cha ziweto ndi chobwezeretsa chonde. Amadziwika ndi maluwa oyera ozungulira ndi nyemba zafulati zolendewera m'magulu, ndipo njere zake zimakhala m'nthaka zaka zambiri zisanafe. Gwafa amafalitsidwa ndi anthu, anyani ndi mbalame, ndipo amawirira m'mbali mwa madambo.

Deliya, chitsamba chachitali cha maluwa achikasu chodzaza m'mbali mwa misewu mvula ikamatha, nayenso kwawo ndi ku Mexico. Alimi amamukonda chifukwa masamba ake ndi manyowa abwino, koma pamalo potseguka m'nkhalango amapanga chiyangoyango chimene sichilola china kumera, ndipo kamtengo kake kodulidwa kakagwera panthaka yonyowa kamamera mizu. Lunguzi, chomera choyanga cha minga yokola chimene ena amabzala ngati mpanda, chikathawira kumtsinje chimakwera mitengo nkuilemera mpaka nthambi kuthyoka.

Mukakayika za chomera china, musachizule kaye. Thyolani kanthambi kokhala ndi masamba, duwa ndi chipatso ngati zilipo, kaikeni pakati pa nyuzipepala, jambulaninso chomeracho pafoni, ndipo kaonetseni mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zankhalango ya boma. Zikavuta, akatswiri a zomera ali ku Zomba, ku National Herbarium and Botanic Gardens ndi ku Forestry Research Institute of Malawi. Funsaninso akuluakulu a m'mudzi. Gogo akanena kuti chitsamba ichi kunalibe iwo ali ana, umenewo ndi umboni woyenera kuumvera.

Gawo lachiwiri: yendani nkhalango yonse musanagwire khasu

Sankhani anthu ochepa odziwa malire, muyende nkhalango yonse, ndipo mujambule mapu ake papepala lalikulu. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa dzinja, cha m'Malichi mpaka Meyi, pamene zomera zambiri zili ndi maluwa ndipo nzosavuta kuzizindikira. Yang'anani kwambiri m'malire ndi minda, m'njira za ngolo, pomwe panali uvuni wa makala, pamabwinja, pomwera ziweto ndi m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa zomera zolanda malo zimalowera pamene nthaka yasokonezedwa ndipo dzuwa likufika pansi. Pamapupo gawani malo patatu: pamene palibe chachilendo chilichonse, pamene chamera apa ndi apo, ndi pamene chawirira. Lembaninso pamene pali mitengo ikuluikulu yobala njere, ngakhale itakhala kunja kwa malire, chifukwa ndiyo gwero.

Musanayambe ntchito, nkhani ifike kwa a mfumu ndi kwa mudzi wonse. Lamulo la zankhalango la 1997 limapereka mwayi woti midzi ikhale ndi nkhalango zake pansi pa mafumu ndi makomiti, choncho kuchotsa zomerazi kulembedwe m'dongosolo la kasamalidwe ka nkhalangoyo, kuti wina asadzadule mlombwa nkumanena kuti amachotsa zachilendo. M'nkhalango ya boma ngati ya Chimaliro, ngakhale midzi yozungulira imatenga nawo mbali poisamalira, simudula kanthu popanda chilolezo cha a zankhalango, ndipo m'malo osungirako nyama a Kasungu National Park ntchito yotere ndi ya oyang'anira pakiyo. Kumanda nakonso kuli mwambo wake. Manda ambiri ndiwo asunga mitengo yachilengedwe imene kwina inatha, ndipo lantana ikalowako imafunika kuchotsedwa, koma tsiku ndi anthu olowako amasankha ndi eni mudzi.

Gawo lachitatu: yambirani pamene zachepa

Apa ndi pamene magulu ambiri amalakwitsa, ndipo ndikupempha kuti mupaganizire mofatsa. Mtima umafuna kuyamba ndi pamene pawirira kwambiri, chifukwa ndi pamene pamanyansa m'maso ndiponso pamene ntchito imaoneka. Koma pamalo powirira pawonongeka kale, ndipo chaka chimodzi choonjezera sichisintha zambiri. Pamene pali zitsamba ziwiri kapena zitatu ndi pamene mungapulumutse ndi ntchito ya m'mawa umodzi, ndipo mukapasiya, pakapita zaka zochepa padzafuna mudzi wonse. Choncho yambani ndi zomera zapazokha zimene zili mkati mwa nkhalango yabwino, kenaka mitengo yobala njere, ndipo potsiriza muzilowa pamalo powirira kuchokera m'mphepete, chaka ndi chaka. Ngati ndi kumtsinje, yambirani kumtunda mukutsika, popeza madzi amanyamula njere kupita kumunsi. Lambulani malo okhawo amene mukudziwa kuti mudzatha kubwererapo. Kuli bwino kumaliza ekala imodzi nkuisamala kusiyana ndi kutchetcha maekala khumi nkuwasiya.

Gawo lachinayi: kuchotsa kwenikweni

Mbande ndi zitsamba zazing'ono zimazulidwa ndi manja nthaka ili yonyowa, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ndikudziwa kuti iyi ndi nthawi yomwenso kumunda kuli ntchito yambiri ndipo fodya salola kuchedwa, koma tsiku limodzi pasabata kapena pamasabata awiri, mudzi utagwirizana, limakwanira. M'chilimwe nthaka ikauma muzu umaduka nkutsala pansi. Gwirani pansi penipeni pa tsinde, kokani pang'onopang'ono, ndipo mukazula pondani dothi libwerere, chifukwa dothi lotakasuka limadzutsa njere zina.

Lantana yaikulu imafuna anthu awiri kapena atatu. Valani malaya a manja aatali, magolovesi ndi jombo, popeza masamba ake amayabwa ndipo m'zitsamba zotere mumabisala njoka ndi mavu. Yambani mwasadza nthambi ndi chikwanje kuti mufike pakati, musiye tsinde lofika m'bondo loti mugwirepo. Kenaka kumbani ndi khasu kapena piki mozungulira, dulani mizu ya m'mbali, ndipo muchotse chitsa chonse pamodzi ndi mutu wake, pamene tsinde limakumana ndi mizu, chifukwa mphukira zimachokera pamenepo. Mwayi wake ngwakuti mizu ya lantana siipita pansi kwambiri. Chitsa chozulidwa chigonekeni chagada, mizu kumwamba, kapena chikolekeni pamphanda ya mtengo kuti chiume. Nthambi zaziwisi musazisiye zitagona panthaka yonyowa, chifukwa zimamera mizu. Deliya mumuchite chimodzimodzi, ndipo mumuchotse asanachite maluwa. Lunguzi mumudule pansi ndi kukumba chitsa, koma zoyanga zimene zili m'mwamba muzisiye ziumire komweko, chifukwa kuzikoka kumathyola nthambi za mtengo umene mukufuna kuupulumutsa.

Kutchetcha kokha sikupha chilichonse mwa zomera izi. Malaina, sindireya, lukina, gwafa ndi lantana zonse zimaphukira pachitsa, ndipo pamene panali tsinde limodzi pamatuluka ambiri. Sindireya ndi gwafa amatulutsanso mphukira kumizu, kutali ndi chitsa. Nakonso kutentha kokha sikuthandiza: moto umapsereza nthambi, chitsa nkutsala chamoyo, ndipo mvula ikagwa chimaphukira msanga kuposa mbande zachilengedwe zimene zapsa.

Pa mitengo ikuluikulu pali njira zitatu. Yoyamba ndi kudula nkukumba chitsa, yomwe ndi yotsimikizika koma yolemetsa, ndipo siyoyenera pamalo otsetsereka kapena pagombe la mtsinje pomwe kukumba kungayambitse kukokoloka kwa nthaka. Yachiwiri ndi kusenda khungwa mozungulira tsinde lonse, kuyambira pansi penipeni mpaka kufika m'chiuno, nkupala bwino kagawo koterera kamene kali pansi pa khungwa kuti lisalumikizanenso. Mtengo umauma pang'onopang'ono, mwina chaka kapena kupitirira, ndipo ubwino wake ngwakuti mthunzi suchoka tsiku limodzi, choncho pansi sipadzadza zomera zina zolanda malo. Muzibwera kudzathyola mphukira zotuluka m'munsi mwa posendapo. Musasende mtengo umene uli pafupi ndi njira kapena nyumba, chifukwa ukauma udzagwa nthawi yosadziwika. Yachitatu ndi kudula mtengo pafupi ndi nthaka nkumathyola mphukira zonse zikangotuluka, mobwerezabwereza, mpaka chitsa chitatha mphamvu. Njira iyi imatheka ngati pali munthu wodutsapo kawirikawiri.

Mankhwala opha zomera ali ndi malo ake, makamaka pa zitsa zimene sizingakumbidwe, koma ine ndimawaika kumapeto. Amene amapezeka kwambiri m'masitolo a zaulimi ndi a glyphosate, omwe sasankha: amapha chilichonse chobiriwira chimene agwera, kuphatikizapo mbande za msuku. Chifukwa cha ichi, m'nkhalango musapopere ndi sipuleya mwachisawawa. Dulani tsinde mopingasa pafupi ndi nthaka, ndipo nthawi yomweyo, isanathe mphindi imodzi, pakani mankhwala ndi kaburashi pachitsa, makamaka m'mphepete pafupi ndi khungwa. Mukachedwa, chilonda chimauma ndipo mankhwala salowa, choncho wodula ndi wopaka aziyenda limodzi. Chitani izi chomera chili ndi masamba ndipo chikukula, tsiku lopanda mvula. Gulani mankhwala ovomerezedwa ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala otere la Pesticides Control Board, okhala m'botolo lake lolembedwa, osati opungulidwa pamsika, ndipo mulingo wake mutsatire zolembedwa pabotolo ndi uphungu wa mlangizi. Opaka avale magolovesi a pulasitiki, asadye kapena kusuta ali pantchito, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asagwire nawo. Musawagwiritse ntchito pafupi ndi madzi, musatsukire ziwiya mumtsinje, ndipo botolo likatha litsukeni katatu nkuliboola kuti wina asadzasungiremo madzi kapena mafuta ophikira.

Zodulidwazo zili ndi ntchito. Malaina ndi sindireya amapereka matabwa, lukina ndi gwafa ndi nkhuni zabwino, ndipo masamba a deliya opanda maluwa akhoza kupita kumunda. Komiti igwirizane poyera za kagawidwe kake ntchito isanayambe, ndipo pofuna kugulitsa matabwa kapena kuotcha makala, kumbukirani kuti pamafunika chilolezo cha a zankhalango. Nthambi zokhala ndi zipatso kapena nyemba zokhwima musazikokere kudutsa m'nkhalango. Ziunjikeni pamalo amodzi potseguka, ziume, ndipo muzitenthe mutalambula mozungulira, m'mawa kopanda mphepo.

Gawo lachisanu: musasiye nthaka pambalambanda

Pamene mwazula chitsamba chachikulu pamatsala dothi loyera lodzaza ndi njere zake, ndipo dzuwa likawomba ndizo zimayamba kumera. Pa phiri la Mulanje, paini wochokera ku Mexico amene anabzalidwa kuti apereke matabwa anafalikira yekha, ndipo ntchito yomuchotsa inatenga zaka chifukwa mbande zinkamerabe pamene mitengo yadulidwa. Zomwezo zimachitika pakachigawo kakang'ono ka nkhalango ya mudzi.

Mwayi wa miombo ngwakuti imabwerera yokha kuchokera ku zitsa ndi mizu imene ili kale m'nthaka. Mukachotsa lantana yang'anitsitsani pansi, ndipo nthawi zambiri mupeza timphukira ta mchenga, msuku, mpoza kapena chitimbe timene tinali kuvutika mumthunzi. Zikani timitengo pambali pa timphukirato kuti anthu asatiponde, patulirani mphukira pachitsa chilichonse kuti patsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zisalowemo kwa zaka zingapo. Kubzala nkofunika pokhapokha pamene zitsa zinatha, ndipo pamenepo bzalani mitengo ya komweko: katope ndi mbawa kumtsinje, mthethe m'mbali mwa dambo, msuku ndi mlombwa kumtunda. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mbande zobzalidwa kumayambiriro ndizo zimapirira chilimwe. Mbande zikabwera zaulere, funsani kaye mtundu wake, chifukwa si zachilendo kuona gulu likuzula lukina mbali ino nkulandira lukina wina woti libzale mbali inayo.

Moto uyang'aniridwe. Lambulani njira zotchinga moto kuzungulira malo amene mwachotsapo zomera udzu usanaumitse, ndipo ngati mudzi umatentha mofulumira cha m'Meyi kapena Juni kuti moto wa mu Okutobala usadzalowe mwaukali, pamalo a mphukira zanthete pasafike moto m'zaka zoyambirira.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kubwereranso

Ntchito yonse imene tafotokozayi imapita pachabe ngati gulu silibwerera. Nkhalango ili ngati munda wa chimanga: palibe amene amapalira kamodzi nkuyembekezera kukolola. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu chichotsereni, pitaninso mukazule mbande ndi kuthyola mphukira. Bwererani mvula yoyamba ikagwa, ndiponso kumapeto kwa dzinja zomera zisanabale. Chaka choyamba mbande zimatuluka zambiri moti anthu amataya mtima, nkumati ntchito ija inangoonjezera vuto, koma zimenezo ndi njere zakale zikutha m'nthaka, ndipo mbande yofika m'kakolo imazuka ndi zala ziwiri. Cholinga nchakuti pasapezeke chomera nchimodzi chomwe chofika pobala. Mukakwanitsa zimenezi zaka zitatu kapena zisanu zotsatizana ntchito imachepa kwambiri, ngakhale pamene panali lukina pamafuna kuyang'anira nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Mlembi wa komiti asunge kope lolembamo tsiku, malo, mtundu wa chomera ndi njira imene inagwiritsidwa ntchito, ndipo chaka chilichonse mwezi womwewo ajambule chithunzi ataima pamalo amodzimodzi. Zithunzizo zimathandiza pamsonkhano anthu akayamba kukayika. Gawani nkhalango m'zigawo, banja kapena limana lililonse likhale ndi chigawo chake, kuti podzafunsa pakhale woyankha. Abusa a ziweto, amayi otola nkhuni ndi bowa, ndi alimi a njuchi ndiwo amayenda m'nkhalango tsiku ndi tsiku, choncho aphunzitseni kuzindikira mbande za zomerazi kuti azizula akamadutsa kapena kudziwitsa komiti.

Chotsalira ndi kukambirana ndi oyandikana nawo. Ngati mpanda wa lantana uli pasukulu, patchalitchi kapena paesiteti yoyandikana ndi nkhalango, mbalame zidzapitiriza kubweretsa njere ngakhale mutazula motani. Pitani mwaulemu kudzera kwa a mfumu, fotokozani chifukwa chake, ndipo thandizani mwini wake kupeza mpanda wina musanamupemphe kuchotsa umene ali nawo. Amene akufuna kusunga malaina kapena lukina pamunda wake awabzale kutali ndi malire a nkhalango ndi mtsinje, ndipo lukina azimudulira kawirikawiri kuti adyetse ziweto asanabale nyemba.